Chipewa changa ndi makwerero a alamu

Sukulu ndinasiyira Fomu 2, sabata yomwe ndinamenya mtsogoleri wa ana asukulu ndi mpini wa khasu chifukwa anandilamula kukumba dzenje lachiwiri loyamba nditamaliza kale. Sindinyadira ayi, koma ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti ine kutseka pakamwa si khalidwe langa. Nditachoka kwathu ku Champhira ndinakwera lole ya matabwa mpaka ku Chikangawa, ndipo ndinakhala zaka zisanu ndi chimodzi pa makina ochekera matabwa a mkulu wina wa ku boma la Mzimba. Ndinayamba ndi kusesa utuchi. Pofika chaka chachinayi, makina akatsokomola aliyense ankatchula dzina langa.

Kenako panabwera alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu. Anali atamaliza maphunziro a uinjiniya ku yunivesite, ndipo bwana wathu anawalemba ntchito chifukwa ogula matabwa a m'tauni amakonda kumva kuti pamalo pali injiniya. Anafika ndi chisoti choyera, nsapato zosadziwa matope, ndi buku lobiriwira lomwe ankaligwira ngati khanda.

M'mawa wina wa chifunga, tikuwotha moto wa zidutswa za paini, anandifotokozera za bungwe la mainjiniya. Anati lili ngati makwerero. Pansi pali ana asukulu. Pamwamba pawo pali amisiri. Kenako omaliza ku yunivesite koma osayesedwa, pomwe iwo anali. Ukakwera pamenepo umakhala membala weniweni, umasainira mapulani, ndipo kutsogolo kwa dzina lako kumamera zilembo zitatu. Pamwamba penipeni pali nkhalamba zochepa zosankhidwa ndi nkhalamba zinzawo. Ndinafunsa ntchito ya nkhalambazo. Anayankha zambirimbiri, koma ine ndinangomvapo kuti zimakhala kutsogolo pa misonkhano n'kumagwedeza mitu.

Nditafunsa kuti ine ndili pa sitepe iti, anaseka pang'ono. Kenako anatsegula chikwama n'kutulutsa fomu ya chikuto cholimba chabuluu, yokhala ndi chizindikiro cha giya pakona. Anati pali khomo la amisiri, ndipo chofunika ndi siginecha ya membala weniweni. Iwo akangokwera, siginecha yawo yoyamba idzakhala yanga. Ndinatambasula dzanja kuti ndiione, koma anaibweza m'chikwama, ati ndingaidetse ndi girisi.

Musaganize kuti ndinkafuna zilembo. Ndinkafuna kakhadi. Kawiri konse ndinapita kukafunsira ntchito ku fakitale yaikulu, ndipo kawiri konse anandibwezera pageti chifukwa ndinalibe pepala lililonse lonena kuti manja angawa amadziwa kanthu. Mlonda wachiwiri sanadzuke n'komwe pampando. Choncho alamu atanena za khomo la amisiri, ndinameza mkwiyo wanga wonse n'kuyamba kuwagwirira makwerero.

Kuti akwere, ankayenera kulemba m'buku lobiriwira lija ntchito iliyonse yomwe agwira. Vuto linali loti sankagwira ntchito. Ndiye tinagawana bwino: ine kugona pansi pa makina, iwo kukhala pachipika ndi cholembera. Ndikasintha bawuti imodzi, m'buku munkatuluka tsamba lonse. Ndikatukwana nati yokana kumasuka, iwo ankalemba kuti tinachita zokambirana.

Ntchito yaikulu inabwera sowo itayamba kuyenda mokhota. Sowo yathu ndi lamba wachitsulo wozungulira pa mawilo awiri, ndipo ikasokonekera, thabwa limatuluka lonenepa uku, lowonda uko. Ogula anayamba kubweza matabwa. Alamu anakhala masiku atatu akujambula mawilo pa laputopu. Tsiku lachinayi ndinasolola ulusi pathumba la feteleza, ndinamangirira nati kunsonga, ndinaulendewetsa pambali pa mawilo, ndipo zinaonekeratu kuti lakumwamba lapendekeka. Ndinadula tizidutswa ta chitini cha oyilo n'kupanikiza kuseri mpaka linawongoka. Kukunga kwa sowo ndinakuyeza mmene ndimayezera nthawi zonse: kuigogoda ndi sipanala n'kumvetsera. Yolefuka imalira ngati ndowa yong'aluka. Yokwana imalira ngati belu la njinga. Yopitirira imalira mopyapyala, ndipo ukaimva choncho uthawe, iduka.

M'buku la alamu, ulusi wa feteleza ndi chitini zinasanduka masamba khumi ndi awiri okhala ndi zithunzi.

Buku limenelo linkafunika kusainidwa ndi wamkulu wowayang'anira, mmodzi wa nkhalamba za pamwamba zija. Alamu ankayembekeza kuti adzangolitumiza pa basi. Koma mkuluyo anaimba foni kuti akhala akudutsa pamsewu waukulu kuchokera ku Mzuzu, ndipo akhota kuti adzaone yekha sowo yotchukayo. Alamu anatuluka thukuta m'nyengo yomwe ku Chikangawa ngakhale agalu amakana kutuluka panja. Ndinayesa kuwaphunzitsa kumvetsera masana awiri athunthu, koma makutu awo anali ozolowera kumva maphunziro okha. Mapeto ake tinapangana za chipewa. Ine ndidzaima kumbuyo kwa mlendo, iwo azidzakunga ndi kugogoda, ndipo sowo ikadzalira bwino ndidzavula chipewa.

Mkuluyo anali wamfupi, wa imvi, atavala juzi yotha m'zigongono. Ndinakhumudwa pang'ono, ndinkayembekeza kuti munthu wa pamwamba pa makwerero amanyezimira. Anawerenga masamba awiri okha, anatseka buku, anapita pamakina n'kumasula sowo ndi manja ake mpaka inalefukiratu.

"Ikungeni tione, ainjiniya," anatero.

Alamu anapotokola chogwirira, anagogoda, anapendeketsa mutu ngati nkhuku yomvetsera mphamba. Anapotokolanso, anagogodanso. Kachisanu sowo inalira belu la njinga loyera bwino, ine chipewa vuu. Koma alamu maso anali pa mlendo, akumwetulira, ndipo anawonjezera kupotokola kwina. Sowo inayamba kulira mopyapyala. Ndinatsokomola. Ndinavala chipewa, ndinavulanso, ndinadzikupiza nacho ngati kwatentha, chifunga chili tolo. Apo m'pamene anandiona, nabweza theka.

Anacheka thabwa limodzi. Mkuluyo analiyeza uku ndi uko, linali lofanana. Anasaina buku ataliika pa boneti ya galimoto yake. Pamenepo lilime langa linkayabwa moti ndinachita kuliluma. Ndinkafuna kukuwa kuti ulusi unali wanga, chitini changa, makutu anga. Koma ndinakumbukira chikuto chabuluu m'chikwama, ndinakumbukira mlonda wosadzuka pampando uja, ndinakhala chete. Kuyambira pa mpini wa khasu uja, kanali koyamba.

Akulowa m'galimoto, mkuluyo anandikodola.

"Achimwene, chipewa chanucho chimamva bwino chomene. Sukulu munalekeza pati?"

"Fomu 2, bwana."

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anagwedeza mutu pang'onopang'ono, nati yewo, n'kuliza galimoto. Ndinadziuza kuti basi, ntchito ya nkhalamba za pamwamba ndaiona ndi maso anga. Sindinadziwe kuti kugwedeza kumeneko kunali kundipepesa.

Patatha miyezi ingapo alamu anapita kumzinda kukafunsidwa mafunso, ndipo anabwerako ndi satifiketi ya m'galasi. Achemwali anaphika mpunga ndi nkhuku kunyumba kwawo ku boma la Mzimba, anaitana a kutchalitchi ndi oyandikana nawo. Zilembo zitatu zija zinali zitafika kale pa chitseko, pa kapu ya tiyi, ngakhale pa chikwama cha mwana wawo wa ku mkaka. Ine ndinasamba m'manja ndi sopo wochapira katatu, ndinagula cholembera chatsopano pa depoti, ndinadikira alendo achepe.

Nditawakumbutsa alamu za siginecha, anatulutsa fomu ija mosafulumira, anavala magalasi omwe sindinawaonepo, nayamba kuwerenga tsamba loyamba mokweza, akumasulira m'Chichewa mokoma mtima ngati akuwerengera wodwala. Wofunsira aphatikizepo satifiketi ya Fomu 4. Aphatikizeponso pepala la ku sukulu ya ntchito zamanja. Zinali pamzere woyamba ndi wachiwiri, siginecha ya membala inali kumapeto kwenikweni kwa tsamba lachitatu.

"Alamu, mizere iwiriyi yamera lero?"

"Ndimati mwina pofika pano malamulo akhala atasintha."

"Chaka ndi theka ili m'chikwama mwanu."

"Mundimvetse, alamu. Dzinali n'latsopano. Ndikasainira munthu wopanda mapepala, mbwenu andichotsa ndisanakhale n'komwe pansi."

Sindikumbukira kuimirira, ndimangokumbukira mpando uli m'mwamba m'manja mwanga ndipo satifiketi ya m'galasi ili patsogolo panga pakhoma. Achemwali analowa pakati atanyamula beseni la mbale, sanakuwe, anangoti ndikaswa chimenecho ndaswa sukulu ya ana awo. Ndinatsitsa mpando. Ndinatola fomu yanga patebulo, poti inali yanga ndithu, ndinatuluka osatsanzika.

Ndinaiwerenga ndekha m'minibasi, liwu ndi liwu, ndi Chingerezi changa cha Fomu 2. Mizere iwiriyo ndinaimva popanda wondimasulira. Ndikanaigwira tsiku lija pamoto, ndi girisi yemweyo, ndikanadziwa m'mphindi imodzi.

Sabata yotsatira pampu ya madzi ya pa jenereta inayamba kudontha, gasiketi yotchinga madzi polumikizira zitsulo itatha, ndipo yatsopano inali kutali ku Mzuzu. Amakanika tonse timadziwa kuti pepala lolimba limagwira. Ndinayang'ana katoni ya sopo, inali yofewa. Ndinatenga chikuto chabuluu chija, ndinachiika pakamwa pa pampu, ndinagogoda m'mbali ndi hamala yaing'ono mpaka chinadulika mwake, ndinapaka girisi uku ndi uku, ndinamanga mabawuti. Mpaka lero sinadonthe. Ukasuzumira bwino, kachidutswa ka chizindikiro cha giya kamaonekera pambali. Pepala la bungwe limenelo n'labwino, zimenezo sindingawanamizire.

Alamu akadali pamalopo. Agula buku lina, lofiira, chifukwa ati pamwamba pa membala weniweni pali sitepe inanso, ndipo imafuna ntchito zikuluzikulu. Mwezi watha sowo inayambanso kukhota. Anabwera pomwe ndinkanola mano a sowo ina, anaima, anakanda kukhosi, ananditchula dzina mwaulemu wonse. Ndinawapatsa sipanala, ndinakhala pachipika chawo chija, ndinakokera chipewa mpaka m'makutu. Anagogoda kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya nkhomaliro, akutembenuka kundiyang'ana pa kugogoda kulikonse. Kawiri konse inalira belu la njinga, kawiri konse anapitirira.