Ulusi wa pakhosi pa Mama

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene Mama anayamba kudwala matenda amene pamudzi pathu, kufupi ndi Chiputo, panalibe ankawadziwa dzina. Ankadya ngati munthu wochokera kumunda, koma thupi linkangotha. Mwezi wa June, ife tikunjenjemera ndi chisanu, iwo ankakhala pakhonde thukuta lili kamukamu. Anali osoka zovala, ndipo manja awo atayamba kunjenjemera, ntchito yolowetsa ulusi pasingano inakhala yanga. Kenaka pakhosi panatuluka chotupa.

Bambo anawatengera ku Fingoe panjinga. Anamwino atawagwira pakhosi n'kumvetsera mtima, anati chithokomiro chawo chikugwira ntchito mopitirira muyeso, ndipo anawapatsa kalata yoti akayezetse magazi ku Tete. Koma pobwerera anadzera pamsika, pomwe panali mkulu wina wogulitsa mankhwala a zitsamba kwa okumba golide. Mkuluyo anali wapakamwa pokoma. Anawagulitsa mabotolo a ufa wobiriwira wothira m'madzi otentha, n'kuwalangiza kuti aziyeza khosi ndi ulusi sabata iliyonse. Likapanda kukula, ndiye kuti mankhwala agwira.

Atafika kunyumba, Mama anadula ulusi wofiira, n'kuumanga mfundo pamene unakumanirana pakhosi pawo.

"Iwe Luzia, maso ako ndi akuthwa, uzindiyeza ndiwe," anatero. "Tsiku limene ulusiwu udzakane kufika pamfundo, tidzapita ku Tete mvula isanatseke msewu."

Mawu amenewo anandiopsa kuposa chotupacho. Chaka cham'mbuyo mwake Titiya Rozina, ang'ono awo a Mama, anapita kuchipatala cha ku Tete akuyenda okha, n'kubwerako ali m'bokosi. Kwa ine, Tete kunali kumene anthu amapita osabwerera.

Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, Mama ankakhala pampando wa makina awo osokera n'kuweramitsa mutu. Ndimakumbukirabe fungo lawo, la sopo losakanikirana ndi la ufa uja, ndi mmene mtsempha wapakhosi unkagundira pansi pa chala changa, mofulumira ngati mtima wa nkhunda yogwidwa. Masabata oyamba ulusi unkafika bwinobwino. Madzi otentha aja ankawakhazikako mtima pansi, moti masiku ena ankaimba akusoka.

Sabata yachisanu ulusi unaperewera pang'ono, mwina mulifupi mwa chikhadabo. Ndinaukoka. Unalowa m'khungu, n'kufika pamfundo.

"Wakwana, Mama."

"Zoona?"

"Zoona, Mama. Wakwana ndithu."

Anaseka, n'kundipatsa kansalu kotsala koti ndisokere chidole. Sabata yotsatira ndinakokanso, ndi inanso, mpaka ulusi unkasiya mzere pakhosi. Bambo akafunsa, Mama ankangoti, "Mwana wayeza, akuti zili bwino." Ndipo ine ndinkayenda modzitama, poganiza kuti ndawabisira Mama anga ku Tete.

Mvula inagwa mu December, mitsinje inadzaza, ndipo malole anasiya kufika kwathu. Mu January Mama anatentha thupi. Mtima unkagunda moonekera pabulauzi, ndipo anayamba kulankhula zosamveka. Amuna anayi anawanyamula pamachira m'matope, ulendo wa ku Fingoe. Sanakafike. Anamwalira masana, akudikira kuti madzi a mumtsinje aphwere.

Sindinauze munthu aliyense za ulusi uja. Ndinausenza ndekha mlanduwo mpaka nditakwatiwa, ndipo panalibe Lamulungu limene sunandipweteke.

Nditabereka mwana wachiwiri, nanenso manja anayamba kunjenjemera. Ndinapita ku Tete ndekha. Adokotala anati matendawa amayenda m'magazi a pabanja, n'kundilembera timapiritsi tating'ono ngati njere za mapira. Nditawafunsa za zitsamba, anandiyankha kuti zina zimatha kumukhazika munthu mtima pansi, koma chithokomirocho chimapitiriza ntchito yake, choncho ndisamwe chilichonse iwo asakudziwa. Ndinatuluka n'kukakhala pansi pa mtengo, kapepala ka mankhwala kali m'manja, ndipo ndinalira ngati maliro achitika dzulo. Kanthu kochepa chonchi!

Pano khosi langa lomwe linatupapo, ndiye ndikudziwa chimene sindikanachidziwa ndili mwana: munthu sangakokedwe ulusi pakhosi osamva. Mama ankamva. Nawonso ankaopa ku Tete, ndipo ankafuna wina woti awauze kuti zili bwino. Tinkanamizana awirife chifukwa chokondana, ndipo ndaphunzira mochedwa kuti wodwala amafunika munthu womukonda moti n'kumuuza zimene sakufuna kumva.

Ndimawasowa kwambiri. Chaka chino ndawaposa zaka, ndipo imvi zimene iwo sanazione zayamba kumera pamutu panga.