Khomo la Kukhitchini

Ndinali ndi zaka khumi pamene ndinapirikitsa mlendo wa bambo anga mosadziwa. Tinkakhala ku South B, mumzinda wa Nairobi, ndipo bambo ankagwira ntchito kubungwe lina ku Upper Hill. Kumeneko anadziwana ndi mayi wina wachikulire, munthu wakuda wa ku Amereka, amene ankalangiza bungwelo pa zamalamulo. Ife tinkangowatchula kuti Mayi Loya.

Bambo anawapempha kwa miyezi yambiri kuti adzadye nafe. Anavomera kubwera Loweruka lina, kutatsala sabata imodzi kuti abwerere kwawo. M'mawa wa tsikulo ndinapaka polishi wofiira pakhonde mpaka kumadziona nkhope, pakuti ndinali mwana wonyadira ntchito yake mopitirira muyeso. Mlendoyo anafika bambo atapita kukagula zakumwa, amayi ali pamoto. Ndinayang'ana nsapato zawo zamatope, ndinayang'ana polishi wanga, kenaka ndinawauza m'Chingerezi changa cha kusukulu kuti azungulire, alowere kukhitchini.

Kwathu wolowera kukhitchini ndi m'bale. Koma iwo anangoima chilili. Anandipatsira keke imene ananyamula, natembenuka kukakwera takisi yomwe inawabweretsa ija.

Bambo sanandikwapule, ndipo bola akanatero. Anakhala pansi pakhonde pomwepo, mapazi ali pa polishi wanga.

"Mwanawe, mayi aja ndi mmodzi mwa akazi akuda oyamba kukhala maloya kwawoko," anatero motsitsa mawu. "Akapita kukhoti, mlonda ankawalozera khomo lakuseri, la anthu osesa. Anaimira anthu akuda pamilandu zaka zambiri mpaka makomo akutsogolo anatseguka. Analumbira kuti sadzalowanso kuseri kwa nyumba ya munthu."

Ndinalira tsiku lonse, ndipo keke ija palibe anaikhudza. Ndinalemba kalata yopepesa, bambo anakaipereka, koma yankho silinabwere. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Chaka chotsatira tinamva zoti Mayi Loya amwalira.

Chimene chimandipweteka mpaka lero ndi chakuti mayiwo anawoloka nyanja kubwera kudziko la anthu akuda, kumene ankati palibe angawalozere kuseri, ndiye wowalozerayo ndinakhala ine. Ndinaphunzira mochedwa kuti mlendo amabwera ndi zipsera zimene ife sitiziona. Tsopano ndili ndi nyumba yangayanga, ndipo pakhonde sindipakapo polishi.