Thadzi Lochokera ku Balaka

Mkazi wanga anandisiyira nkhuku. Anasiyanso zitenje ndi mabuku ake a ku koleji ya zaulimi, koma zimenezo zinkangokhala phee m'sutikesi. Nkhuku ndi zimene zinkafuna madeya m'mawa uliwonse, ndipo mwina n'chifukwa chake ndinkadzuka.

Tinkakhala m'nyumba ya aphunzitsi kufupi ndi boma la Machinga, kumene ndikuphunzitsabe. Kuseri kwa nyumbayo iye anamangitsa khola lansungwi, lokwezeka, loti zitosi zizigwera pansi. Mankhwala a m'sitolo othira m'madzi a nkhuku sankawafuna. Loweruka ankasesa kholalo, n'kuwaza phulusa m'makona pothana ndi utitiri, n'kuyala masamba a nimu m'zisa. Katemera wa chitopa yekha, wodonthezera m'diso uja, ndiye ankamulola, ndipo wogwira nkhuku ndinali ine. "Aphunzitsi, igwireni ngati mwana, si choko chimenecho," ankatero.

Lamulo lake lalikulu linali lakuti nkhuku yachilendo silowa m'khola. Yogula kumsika, yopatsidwa, ngakhale yochokera kwa abusa, inkayamba yakhala yokha pansi pa dengu, kutali, kwa masabata angapo.

Anamwalira kumayambiriro kwa chilimwe. Za kuchipatala sindilemba. Ndingonena kuti katemera wa nyengo imeneyo anatidutsa tili komweko, ndipo anapiye amene anaswa pa nthawiyo anali asanalandirepo kalikonse.

Patapita mwezi, dzuwa likuswa mtengo, amayi a mkazi wanga anatsika pa kabaza pakhomo panga. Anachokera kumudzi kwawo ku Balaka, ndipo m'khwapa anali atapanira thadzi lofiira lomanga miyendo ndi luzi. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana m'maso. Ndinawayalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, ine n'kukhala pakhonde chammbali, tikulonjerana ngati tikuyankhula ndi mtengowo.

"Ndabwera ndi kachipepeso," anatero. "Ili ndi la mtundu wa thadzi lija ndinamupatsa pokwatiwa. Ndikufuna ndilitsekulire ndekha m'khola mwake."

Ananyamuka n'kulunjika kuseri. Ndinali nditamva kwa anthu a pa minibasi kuti mbali ya kwawoko nkhuku zikugwa. Mphatso ya maliro munthu sakana, ndipo mkamwini satchinga njira ya apongozi. Komabe ndinathamanga mozungulira nyumba, n'kukagwada pakati pa iwo ndi khola, maso ali pansi.

"Amayi, pepani. Liyambe lagona pansi pa dengu."

Anaima. "Dengu? Ndiye kuti nkhuku yanga ili ndi mphere?"

"Iyayi, amayi."

"Ndayenda nayo ulendo wonsewu, yadya nane mtedza pa depoti, lero mukuti ndi mkaidi?"

"Si ine, amayi. Ndi lamulo la eni khola."

Ndinkangoona mapazi awo okha, ndi fumbi la m'njira pa zala zawo. Kenako ndinamva kaphokoso kamene ndinayesa kuti ndi kulira, koma kunali kuseka.

"Mwana ameneyo!" anatero. "Tambala wanga anamuchita zomwezi. Ndinamufunsa kuti, kodi nanenso undivundikira dengu? Iye akuti, inu amayi mungopukuta mapazi basi."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Bweretsani dengulo, bambo. Koma lisakhale lobooka, thadzi limeneli ndi lochenjera kuposa mwini wake."

Tinalivundikira kumapeto kwa bwalo, kutsidya kwa mtengo wa mango, n'kutsamiza mwala pamwamba. Iwo anathira madzi m'chigoba, akuliuza thadzilo kuti lipirire, pakhomo pano ndi pa anthu ophunzira. Anabwerera tsiku lomwelo.

Ndinkachita monga ndinkamuonera mkazi wanga akuchita. Ndinkayamba kudyetsa za m'khola, mlendo pomaliza, kenako n'kusamba m'manja ndi sopo. Masilipasi opitira kudengu ndinkawasiya komweko. Thadzilo linandizolowera, moti likamva chitseko linkayamba kuitana. Linali la kwawo kwa mkazi wanga, ndipo nthawi zina ndinkakhala pambali pake kupitirira mmene ntchitoyo inkafunira.

Sabata isanathe ndinalipeza litagwetsa mapiko, likupuma ndi kukamwa, zitosi zili zobiriwira. Tsiku lotsatira khosi linapindika. Thadzilo litafa ndinalikwirira m'dzenje lakuya kuti agalu asafukule, n'kutentha dengu, chigoba ndi masilipasi omwe. Za m'khola ndinazitsekera, ndipo alangizi a ziweto atabwera ndi katemera ndinazigwira ndekha imodzi imodzi, iwo akudontheza.

Chovuta chinali kuwauza apongozi. Ndinaimba foni Lamlungu masana. Pafoni kupewana kuja kumapepukako, poti palibe maso oti uwathawe.

"Amayi, thadzi lija latisiya."

"Ndimadziwa," anatero. "Kuno zatha zonse. Khola lili mbee, ngakhale tambala wotidzutsa palibe." Mawu awo anatsika. "Nanga za mwana wanga?"

"Zonse zilipo, amayi. Ndi anapiye omwe."

Ndinkamva mbuzi ikulira chapatali kumbali yawoko.

"Chabwino," anatero. "Zisungeni."

Mvula itagwa ndipo matenda atazizira m'midzi, ndinasankha misoti iwiri ndi katambala kamodzi mwa anapiye aja. Ndinaziika m'katoni yoboola mabowo, n'kukwera minibasi ya ku Balaka, katoni ili pamiyendo. Apongozi anandiona ndikadali kumsewu. Anayala mphasa kutali monga mwa mwambo, koma katoniyo anadzailandira okha m'manja mwanga.