Tsiku Limene Apongozi Analowa ku Fiyeta

Ine ndine wa ku Dedza, koma ndinakwatiwa ku Edingeni. Chaka chimene apongozi anga aamuna anadwala, amuna anga anali ku Joni, alamu anga nawonso komweko, ndipo apongozi aakazi anali atatisiya kale. Wokakhala nawo kuchipatala anasowa, udindo n'kugwera ine, mkamwana amene ndinali ndisanakhalepo nawo pamphasa imodzi. Tinkalankhulana ine nditagwada chapatali, iwo akuyang'ana kukhola.

Anali ndi chotupa m'munsi mwa mimba chimene chinawaletsa kugwira pulawo. Kuchipatala ku Mzimba anati matumbo atsikira pamalo olakwika, pafunika opaleshoni, ndipo si yaikulu.

Tsiku lake litakwana anawaveka chovala chobiriwira chomanga kumsana. Namwino anawakulunga lamba pamkono, n'kuyang'ana makina, n'kuyezanso. Kenako anaitana bambo wina wovala kachipewa kansalu, amene ntchito yake ndi kugoneka odwala asanawang'ambe.

“Magazi akuthamanga kwambiri, mtimanso ukugunda mofulumira,” anandiuza bamboyo. “Sitingawalowetse ali chonchi. Amamwa mankhwala a bipi?”

Ndinati ayi. Masana atawayezanso, zonse zinali bwinobwino, koma mpata wathu unali utapita. Anatiuza kuti tigone konko, tiyesenso pakapita masiku angapo.

Madzulo a tsiku lina ndinawapeza pakhonde la wodi akuothera dzuwa. Ndinaika madzi pambali pawo n'kuyamba kubwerera.

“Khalani pansi, amama,” anatero m'Chichewa chawo cholemera Chitumbuka. Ndinakhala.

Anandiuza kuti ali anyamata anapita ku Joni ndi mng'ono wawo. Mng'onoyo anavulala mwendo pantchito. Anamuperekeza okha mpaka pakhomo la fiyeta, chipinda cha opaleshoni, akuseka naye.

“Mbwenu anatseka chitseko. Sindinamuonenso akupuma. Ndikangomva mawilo a kabedi kopitira ku fiyeta kaja, mtima umafuna kutulukira pakamwa.” Kenako anati, “Ana anga musawauze.”

Ana awo sindinawauze, koma ndinawapempha kuti andilole ndikamuuze bambo wogoneka anthu uja. Anavomera ndi mutu.

Bamboyo anamvetsera osandidula mawu. Kenako anapita yekha kukakhala pabedi la apongozi. Analankhula nawo m'Chitumbuka nthawi yaitali, kuwafunsa ngati amamwa mowa, ngati amabanika akagona, ngati pali mankhwala amene amawawenga. Anawafotokozera kuti m'mawa wa opaleshoni adzawapatsa kapiritsi kokhazika mtima pansi, osati kowagoneka, ndipo namwino azidzawayang'anira kapumidwe. Kwa ine anati, “Akamwa musawalole kudzuka okha, angagwe.”

M'mawa umenewo anali asanadye kanthu, monga tinauzidwira. Kapu ya madzi omwera kapiritsi kaja ndinawagwirira ine. Kapiritsiko kanali kakang'ono kuposa njere ya mapira, ndipo mumtima ndinakakayikira.

Patapita kanthawi mapewa awo anagwa. Anasiya kufinya bulangeti. Anayamba kundiuza za ng'ombe yawo yofiira imene imakana goli pokhapokha uiimbire, n'kuyamba kuimba nyimboyo chapansipansi. Odwala a mabedi oyandikana anaseka.

“Amama,” anatero, maso ali theka, “mphangwe yanu, ndiwo zamasamba zija, mumathira mchere wambiri. Zaka zonsezi ndimangodya.”

Ndinaseka mpaka misozi, ndipo sindikudziwa ngati yonse inali ya kuseka.

Namwino anabwera ndi lamba uja. Ndinkayang'ana nkhope yake, osati makina, chifukwa manambala sindinkawamva. Anamwetulira.

“Zatsika. Adada, tiyeni.”

Kabedi kanabwera, mawilo akulira monga mwa masiku onse. Apongozi anakayang'ana, n'kundiyang'ana ine. Sindinganene kuti mantha anatheratu, chifukwa anandigwira nsonga ya chitenje mpaka pakhomo. Koma anakwera okha, ndipo pakhomopo anataya okha chitenjecho.

Ndinadikira pabenchi ndi magadiyani anzanga. Mayi wina wa ku Jenda anandipatsa nthochi, ndinangoigwira m'manja mpaka inafewa. Dzuwa lisanafike pamutu chitseko chinatseguka. Bambo uja anatsitsa kansalu ka pakamwa.

“Zayenda bwino. Akudzuka.”

 Ndinangoti, “Yewo chomene, yewo,” nditakhala pomwepo.

Muwodi ndinawapeza akuphethira, milomo itauma. Anandiona n'kufunsa ndi mawu osasa kuti ayamba nthawi yanji.

“Amaliza kale, adada.”

Sanakhulupirire. Anatsitsa dzanja pang'onopang'ono mpaka linakhudza bandeji. Anayamba kuseka, bala n'kuwapweteka, n'kusiya, n'kuyambanso.

Ndinatuluka panja kukaimbira amuna anga. Foni inalira kamodzi kokha iwo n'kuyankha, kumbuyo kukumveka phokoso la makina a kuntchito. Ndinawauza kuti bambo awo adzuka ndipo akupempha tiyi, koma namwino wati adikire kaye.