Tsiku Limene Woweruza Anauma pa Kanema

Malume anga akhala mesenjala wa khoti zaka makumi awiri. Woweruza akamalowa, iwo ndi amene amafuula kuti, "Tonse tiimirire!" ndipo palibe amene amakhala pansi woweruzayo asanakhale. Mawu awo ndi ogwedeza mawindo. Kunyumba akaitana mwana mmodzi, amabwera ana a nyumba za mzere wonse.

Chaka chatha kunabwera lamulo lolola kuti milandu ina izizengedwa pa kanema, woweruza ali kutali. Tsiku loyamba, woweruza ataoneka akupita kumpando wake, malume anafuula mwa masiku onse, anthu n'kuimirira. Pomwepo netiweki inaduka, chithunzi n'kuuma woweruza ali chiimire.

Patatha mphindi khumi, loya wina anayamba kutsetserekera pabenchi.

"Bwana loya, mwawaona atakhala?" anafunsa malume.

"Koma akulu, makina afa!"

"Afa ndi makina, ulemu ulipo."

Kanema atayambanso, woweruza anali atakhala kalekale, akumwa tiyi. Anadabwa: "Mwaimiriranji nonsenu?"

Mpaka lero malume amanyadira tsikulo: "Chiyambireni ntchito, sindinaonepo maloya ataimirira nthawi yaitali chonchija osayankhula kanthu."