Tsala la Mana Hermínia

Mkulu wanga Hermínia ndi munthu amene amasesa pabwalo kawiri pa tsiku, ngakhale m'mwezi wa Juni pamene mphepo ya kuno ku Lichinga imaumitsa zala. Tinabadwa awiri okha m'mimba mwa amayi. Ine Adelina ndinathawira m'tauni ndili mtsikana, ndimakhala ku Namacula ndipo ndimagulitsa mbatatesi pamsika. Iwo anatsala kumudzi, m'mbali mwa msewu wotsikira ku Meponda, ndipo zambiri zimene ndimagulitsazo n'zolima iwo. Ndimawaitana kuti mana, monga timaitanira akulu athu kuno. Zaka zawo zadutsa makumi asanu ndi limodzi. Sukulu anangoilawa chaka chimodzi nkhondo n'kuyamba, choncho Chipwitikizi chawo chimathera pa moni.

Minda anali nayo iwiri. Wam'munsi, pafupi ndi nyumba, ndi wotopa ngati mwiniwake, mbatatesi zake zimatuluka ngati mazira a njiwa. Wakumtunda, pa kaphiri, ndi umene anatisiyira amayi. Mana anaulima zaka makumi atatu pamodzi ndi amuna awo, malemu a Baltazar, amene anamangamo kanyumba ka zidina kolonderamo anyani. Kwathu munda ukafooka timaugoneka, umere udzu ndi tchire zaka zinayi kapena zisanu kuti nthaka ibwerere mphamvu. Munda wotero ndi tsala, ndipo ngakhale mwana amadziwa kuti tsala lili ndi mwini. A Baltazar atamwalira, mana anaugoneka munda uja. Denga la kanyumba linagwa, makoma anatsala theka, mizere yakale inabisala mu udzu. Chiyembekezo chawo chonse chinali pamenepo. Ankati akadzalitsegula tsalalo adzadya bwino mpaka imfa.

M'chaka chachitatu cha tsala kunabwera bwana wina wa ku nyumba ya malamulo, amene tonse timangomutchula kuti deputado. Wina anamuuza kuti pa kaphiri kathu nyanja imaoneka kutali kukakhala kopanda mitambo. Munthuyu amakhala ku Maputo, koma anafuna nyumba yoti azidzapumiramo pa Khirisimasi. Anayamba kumanga chakumpoto kwa tsala la mana, opanda chilolezo cha boma. Makoma atafika pa mawindo, anthu a boma a ku distritu anabwera n'kulemba ndi utoto wofiira kuti ntchito iime. Inaima miyezi itatu, n'kuyambanso. Anabweranso, inaimanso. Pa wailesi anthu ankakangana m'mawa uliwonse, ena ati malamulo ndi a tonse, ena ati adani ake andale akumuchitira nsanje. Ife pamsika tinkaseka, tinkati akuluakulu adyane okhaokha.

Kuseka kunatha deputado ataganiza zopempha chilolezo mwa dongosolo. Pa pepala lake analemba kuti malo onse kuchokera kumsewu mpaka kukhwawa ndi thengo lopanda mwini, ndipo tsala la mana linali pakati penipeni. Tinamva kuti lamulo limati munthu amene walima pamalo zaka zambiri malowo ndi ake, ngakhale alibe pepala. Chotsala chinali choti boma livomere kuti mana analimadi pamenepo. Likavomera, mpanda wa bwanayo uthera m'malire. Likakana, tsala lapita.

Maulendo a ku maofesi ndinasiya kuwerenga titafika pa khumi ndi umodzi. Mana ankadzuka m'mamawa, kumanga kapulana, chitenje chawo cha kutchalitchi, kukwera shapa, minibasi yodzaza matumba a usipa wochokera ku Meponda, n'kundipeza pamsika. Ine ndinkasiya malonda kwa mnzanga, tizipita. Ofesi ya malo inkatitumiza ku ofesi ya zomangamanga, ya zomangamanga inkati nkhani ili kwa akuluakulu a chigawo, akuchigawo ankati bwerani Lachinayi. Lachinayi wosaina anali ku maliro. Munthu ameneyo abale ake anatha chaka chimenecho. Mana ankangokhala pa benchi manja ali pamiyendo, osadandaula, ndipo aliyense wodutsa atavala tayi ankamuimirira. Ine zinkandinyansa, ndinkawakoka kapulana kuti akhale pansi.

Patatha chaka ndi miyezi, anatiuza kuti Lachisanu la sabata yachiwiri kudzabwera tekniku, munthu woyeza malo, kudzaona munda. Ndinawamasulira mana momwe ndinamvera, kuti akuluakulu akubwera kudzaona malo anu. Ndinawakweza shapa, ine n'kubwerera ku mbatatesi zanga. Cholakwa changa chili pamenepo, ndipo sindichibisa. Sindinafunse kuti munthuyo adzaona chiyani. Kunena zoona, ndikanakhala kumudzi ndikanagwira nawo khasu.

Kwathu mlendo salandiridwa pa zinyalala, makamaka mlendo wa boma. Mana anaganiza kuti akuluakulu akapeza tchire adzati mayiyu ndi waulesi, munda sakuufuna. Ndiye anagwira ntchito masiku asanu ndi anayi, okhaokha. Anatchetcha udzu n'kuutentha. Mizere yakale anaisalaza kuti pasaoneke pokumbikakumbika. Dzala la phulusa analifafaniza, mapale a miphika ndi mafuwa anakataya kutali. Kenako anafika pa kanyumba ka a Baltazar. Anandiuza pambuyo pake kuti anaima kanthawi, koma anaona kuti bwinja lotero n'lochititsa manyazi pamaso pa alendo. Anagwetsa makomawo ndi khasu, zidina anazituta pamutu n'kukaponya kukhwawa. Pomaliza analambula njira kuchokera kumsewu, n'kusesa.

Ndinafika Lachisanu m'mawa ndipo ndinawayamikira, chitsiru ine. Munda unali mbee, wosalala ngati bwalo la sukulu. Pansi pa mtengo anayala mkeka, nkhuku inali itaphikidwa kale. Mana ankayenda chowerama chifukwa cha msana, koma nkhope inali yowala.

Tekniku anali bambo wa zaka zapakati, dzina lake Telmo, waulemu ndithu, atavala nsapato zazitali. Anabwera ndi munthu wa deputado, amene tsiku lonselo ankangomwetulira n'kumajambula ndi foni. Telmo anaima m'malire nthawi yaitali akuyang'ana uku ndi uku. Kenako anafunsa m'Chinyanja kuti mundawu unalambulidwa liti.

“Sabata yathayi, bambo. Ndekha, ndi manja awa,” anatero mana monyadira.

Anawafunsa ngati panali nyumba, mizere, kapena chilichonse chosonyeza kuti anthu analimapo kale.

“Zinalipo zonse. Ndachotsa. Panali uve, simukanapeza popondapo.”

Telmo anavula chipewa n'kupukuta nkhope, ngakhale kunkazizira. Ananditengera pambali n'kundifotokozera m'Chipwitikizi, motsitsa mawu. Anati iye anatumidwa kudzafuna zakale zimenezo. Khoma limodzi logumuka likanakwanira. Anati amalemba zimene maso ake aona, ndipo zimene akuona ndi munda wotsegulidwa kumene. Loya wa deputado anali atalemba kale kuti anthu a m'mudzi akamva kuti bwana akumanga amathamangira kulambula thengo kuti alipidwe, ndiye mana anali atamukonzera umboni munthu ameneyo mwaulere.

Tinamutengera Telmo kukhwawa kukamuonetsa zidina, koma zinali zitaphwanyika n'kusakanikirana ndi matope, zinali dothi basi. Ndinathamanga m'mudzi kufuna mboni. Theka la mudzi linkagwira ganyu yotunga madzi ndi kututa mchenga pa nyumba ya deputado yomweyo, ndipo aliyense tsiku limenelo anali ndi chochita. Nkhalamba ziwiri zinabwera n'kulumbira kuti munda ndi wa mana. Telmo analemba mayina awo, koma momwe ankalembera ndinadziwa kuti inki ikungowonongeka. Nkhuku anaikana, anati angamunene kuti wagulidwa. Zimenezi zinawapweteka mana kuposa zina zonse, chifukwa anali asanamvetsebe chimene chachitika.

Galimoto ya alendo itapita, mana anandifunsa kuti alakwa chiyani. Ndinawauza zonse, osachotsera. Anakhala pa mkeka paja n'kufunsanso.

“Ndiye amafuna ndiwalandire pa bwinja?”

“Eya, mana. Bwinjalo ndilo linali pepala lanu.”

“Bwanji sananene?”

Iwo kuofesi ankaona ngati aliyense amadziwa, ife kumudzi tinkaona ngati aliyense amasesa.

Tinayesabe maulendo ena anayi. Paulendo womaliza mana anakana kumanga kapulana ya kutchalitchi, anabwera ndi yakumunda, ndipo wa tayi atadutsa sanaimirire. Patatha miyezi inayi chilolezo cha deputado chinatuluka. Utoto wofiira uja anaupaka laimu, wailesi inapeza nkhani ina, mpanda unatsika mpaka kukhwawa. Nyumba inatha, yokongola ndithu, ya denga lobiriwira. Mwiniwake wagonamo masiku asanu ndi limodzi chimalizireni. Masiku ena onse mumakhala mlonda wochokera ku Lione, amene ntchito yake ndi kuthirira kapinga.

Mwezi wathawu ndinapita kumudzi kukatenga katundu. Tikudutsa ndi mana m'mbali mwa mpanda, mlondayo anatipatsa moni pa geti. Ndi munthu wabwino, nkhani yathu saidziwa. Anatiuza mokondwa kuti sanaonepo nthaka yotere, kapinga akukula ngati wathiridwa fetereza, sabata iliyonse ayenera kumutchetcha. Mana anasuzumira pa geti n'kuyang'ana kubiriwira kuja.

“Inagona zaka zisanu imeneyo,” anatero. “Ndinkati idzadyetsa ine.”

Titafika kunyumba anatulutsa madengu atatu a mbatatesi za mbewu, zimene anasankha imodziimodzi n'kusungira tsala lija. Munda wam'munsi unali utadzala kale, pozibzala panalibe. Anati nditenge ndikagulitse. Ndinazikweza shapa, koma zinali zitayamba kumera, ndipo pamsika palibe amene amagula mbatatesi zomera. Kutaya ndikulephera. Zili pakona m'nyumba mwanga ku Namacula, ndipo mphukira zake zayamba kutulukira m'mipata ya dengu.