Ndere Zimene Bwana Anafufuta

Ntchito yanga yoyamba yeniyeni ku Glasgow ndinaipeza pakhomo pa tchalitchi. Mayi Nyirenda, amene tinkaimba nawo kwaya ku Dennistoun, anandikokera pambali mapemphero atatha. "Mwanawe, suja unaphunzira za zamoyo za m'madzi? Kakampani kena ku Partick kakufuna munthu. Leka kutsuka mbale za eni m'mahotelamu." Ndinapita Lolemba, Lachinayi n'kuyamba.

Tinkanyamuka pa galimoto kupita kumagombe a miyala a kumadzulo, kutsata nthawi yomwe madzi aphwera, pakuti nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwera kawiri pa tsiku. Tinkayala tepi yoyezera kuchokera kumtunda mpaka kumadzi. Pa mamita asanu alionse ndinkaika kwadirati, kachimango kapulasitiki ka makona anayi, n'kugwada, n'kuwerenga zonse zili m'katimo: ndere, nkhono, tinkhanu. Ndinkalemba ndi pensulo papepala losanyowa, kenako n'kujambula ndi foni.

Miyala inandiphunzitsa msanga. Pamene mafunde amamenya kwambiri, ndere zazitali zimazuka. Pamatsala tizigoba toyera tomatirira pamwala ngati simenti, ndi nkhono zonga zipewa. Pamene pali bata, ndere zofiirira zimaphimba chilichonse, ndipo tizilombo timabisala kunsi kwake kuthawa dzuwa ndi mphepo.

Bwana wanga anali Gordon, munthu wosakonda kunyowa. Tsiku lina m'nyengo yozizira tinapita pagombe pomwe anthu ena anamangapo khoma lotchinga mafunde kuti maboti aziimapo bwino. Eni khomalo ndiwo anatituma kuti tione ngati lasintha kanthu. Lipoti lakale, lolembedwa khoma lisanamangidwe, linkati pamalopo n'podzaza tizigoba. Ine ndinapeza ndere zokhazokha, zoterera, tizigoba tambiri titafa kunsi kwake. Ndinagwada maola atatu, zala zitauma gwa, bondo likuchucha magazi poti ndinagwa pamwala. Nthawi yonseyi Gordon anali m'galimoto, akucheza pafoni.

Nditamupatsa mapepala anakwinya nkhope. "Walakwitsa. Gombe ili ndi la mafunde, ndere sizingachuluke chonchi."

"Mafundewo khoma lawatchinga. Tiyeni mukaone nokha, madzi sanafike."

Sanatsike. Anangoseka. "Kwanu kulibe nyanja yamchere. Izi ungazidziwire kuti?"

Anatenga pensulo yanga yomwe, n'kuyamba kufufuta manambala anga, mzere ndi mzere, akulemba ofanana ndi a lipoti lakale. Ndinaima pamphepo ndikumuyang'ana, mtima ukuwira. Munthu wansapato zouma, wosagwada ngakhale pamwala umodzi, kufufuta maola anga atatu kuti eni khoma akondwe! Kenako tinabwerera ku Glasgow.

Ku ofesi anandiikira pepala kuti ndisaine.

"Sindisainira bodza," ndinatero.

"Ndiye Lolemba usabwere."

Ndinalira m'basi, ndipo zinandinyansa kuti ndikulira. Ndinali ndi mwana wa zaka zinayi, ndipo ntchito ina ya maphunziro anga sindinkaiona. Mawa lake ndinatumiza zithunzi zonse kwa mayi mwini kampani, chilichonse chikuonetsa kwadirati ndi nambala ya patepi. Panapita masabata awiri kuli zii. Kenako mayiwo anapita okha kugombeko, n'kukapeza nderezo, n'kukonza lipoti. Anandiimbira kuti ndibwerere.

Ndinapeza Gordon ali pampando wake womwe uja, akumwa khofi. Sanapepese, ndipo palibe anamuuza kuti apepese. Ine ndi amene mwini kampaniyo anandilangiza kuti ndiziyankhula mofatsa. Ndinapirira miyezi itatu, n'kuchoka.

Lero ndimatsogolera gulu langa, ndipo ena amandibweretsera manambala ondidabwitsa. Nthawi zina amakhaladi atalakwitsa. Koma sindikhudza pepala la munthu ndisanavale jombo n'kutsika naye kukagwada pamwala womwewo.